Sikelo Yomwe Inkakomoka Masana

Anthu akandifunsa ntchito imene ndinkagwira ku Joni ndimangoti ya makompyuta, iwo n'kugwedeza mutu mwaulemu, nkhani n'kuthera pomwepo. Sikuti ndimanama ayi. Koma amene wakhala pansi n'kufunsa bwinobwino ndimamuuza kuti anzanga ankalipidwa chifukwa chokonza zinthu, pamene ine anandilemba kuti ndizizigwetsa. Ndipo panali nyengo ina imene banja langa lonse linatsamira pa kanthu kamodzi, kuti makina ena ake akomoke ine ndikuona.

Ndisanapite ndinali kalaliki wa sikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Sikelo yake inali yakale ija, ya nkhope ngati wotchi ndi ngowe kunsi, yopachika pamtanda wa shedi. Amayi akamabwera ndi madengu ine ndinkakhala pampando, cholembera kukhutu, n'kumadziona ngati boma. Ndinakwatira Feliya wa ku Changata, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinakakhala kwawo ngati mkamwini. Nyumba yathu inali yaudzu, yodontha pamutu penipeni pa mphasa, ndipo malume ake a Feliya, a Khoviwa, akamandipatsa moni maso awo ankakhala padenga. Denga limenelo ndi lomwe linandithamangitsira ku Joni. Ndinauza Feliya, amene apo n'kuti ali ndi pakati, kuti ndikungokafuna malata, mvula ikamayamba ndidzakhala nditabwera. Sindinatchule kuti mvula ya chaka chiti.

Ndinafikira m'kachipinda ka kuseri kwa galaja ya mzungu wina, mmene munali kale anthu awiri akwathu. Wina anali Bonifasi wa ku Goliati, amene kumudzi ankathyola tiyi koma kumeneko anasanduka khukhi wa m'lesitilanti, munthu wa pakamwa posatseka. Enawo anali a Dayimoni a ku Chimaliro, mlonda, mkulu wa mpingo, bambo woonda ndi wofatsa amene ankapempherera chilichonse mpaka shuga wa mu tiyi. Bedi linali limodzi ndipo linkayenda mashifiti ngati fakitale: ine ndi Bonifasi tikamadzuka, a Dayimoni amaweruka n'kulipeza lofunda. Ife a ku Thyolo timadzitama ndi chiperoni, koma chiperoni ndi mwana. Mphepo ya ku Joni imalowa m'fupa n'kuyala mphasa.

Ndinasesa masamba m'mayadi, ndinapenta mipanda, ndinatsuka magalimoto, ndinathawa apolisi kangapo chifukwa masiku a m'pasipoti anali atatha kalekale. Malata anagulidwa ndithu. Koma malata amafuna misomali, misomali imafuna phaso labwino, nyumba ya malata siyenerana ndi chitseko cha bango, ndipo mwana atabadwa panafunika bulangete. Chilichonse ndikachiyamba pankabwera china chachangu kuposa icho, ine n'kuika choyambacho pambali kuti ndichibwerera. Ulendo wa kumudzi ndi umene unatsala pansi pa zonse. Mwana wanga Edina ndinkamudziwira pa chithunzi chimodzi chokha, ali kumbuyo kwa mayi ake, nkhope itayang'ana kwina.

Mwayi unandipeza pa kakampani kena kopanga masikelo a kompyuta a m'minda ikuluikulu, kumene ndinalembedwa ntchito yolongedza makatoni. Mwini wake anali mzungu wachibunu, wamimba, wamtima wabwino, koma chilichonse ukam'pempha ankayankha kuti achita nawunawu. Tinangomutcha Nawunawu, ndipo nawunawu wakeyo nthawi zina ankakwana mwezi. Tsiku lina ndikumata katoni ndinaona palembedwa Thyolo, Malawi, ndipo ndinakuwa ngati ndakumana ndi mayi anga pamsewu. Zinapezeka kuti esiteti ina ya kwathu inaitanitsa masikelo amenewa, ndipo imodzi inali kupita kukayesedwa. Bwana atamva kuti ndinali kalaliki wa sikelo anandichotsa ku makatoni, anandikonzera mapepala okhalira m'dzikomo, n'kundilonjeza kuti masikelo onse akamadzapita ndidzapita nawo kukaphunzitsa makalaliki. Ndinadziona ndikutsika galimoto ya kampani pa Changata, nditavala shati ya baji pachifuwa, a Khoviwa akusowa poyang'ana.

Masiku amenewo ndinkaimba foni Lamlungu kwa mwini golosale wa pamsika, iye n'kutuma mwana kukaitana Feliya. Lamlungu lina ndinaimba kuti ndinene nkhani yabwinoyi, koma mawu amene anandiyankha anali a mwamuna.

"Akamwini," anatero a Khoviwa, "ife kuno malata tili nawo, chitseko tili nacho, wailesi ikulira. Chomwe tilibe ndi mwamuna. Mvula ya chaka chino ikagwa musanafike, musavutikenso, tidzadziwa kuti mwatchona."

Asanadule anawonjezera, ngati nkhani yongodutsa, kuti pasukulu pabwera aphunzitsi atsopano ochokera ku Ntcheu, osakwatira, aulemu kwabasi, amene amabwera madzulo kudzaphunzitsa Edina kulemba. Edinayo n'kuti asanayambe n'komwe sukulu. Ndinachita mantha enieni, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti masikelo anali oti anyamuke mvula isanayambe, chifukwa ikangogwa tiyi amaphuka ngati wopenga ndipo a esiteti safuna zoyesayesa.

Sipanapite nthawi, sikelo ija inapita kukayesedwa inabwerera m'katoni yake yomweyo. Inali kabokosi kachitsulo kokhala ndi ngowe, kasikirini, polowetsa khadi la wothyola, kapulinta kotulutsa risiti, ndi kamlongoti kotumiza makilo ku ofesi. A esiteti anati m'mawa imagwira bwino, koma masana imangokomoka, sikirini n'kuda, n'kudzaza timanambala toyera, makilo a anthu amene anali pamzere n'kusowa. Kalaliki wina akuti anapulumukira pazenera la shedi. Anati ikonzedwe mvula isanagwe, apo ayi masikelo onse akhale konko. Motero mvula imodzi yomweyo inagwira pakhosi anthu awiri, ine ndi Nawunawu.

Wokonza anali injiniya wathu, mayi wachimwenye wa ku Durban dzina lake Shamila, wochepa thupi, wosakonda zolankhula, amene ankatafuna mtedza tsiku lonse. Anandifotokozera kuti m'kompyuta iliyonse muli pulogalamu yaikulu yolamulira zina zonse ngati kapitawo, dzina lake kenelo. Ikakomoka pulogalamu wamba, kapitawoyu amaichotsa n'kupitiriza ntchito. Koma akakomoka kapitawo mwini wake, munda wonse umaima, ndipo ndi zimene zinkachitikira sikelo yathu. Timanambala tija tinali mawu ake omaliza. A esiteti anatumiza zithunzi zingapo za timanambalato, koma chodabwitsa chinali chakuti chithunzi chilichonse chinkaloza wolakwa wina. Lero akuti pulinta, mawa wotchi, mkuja kamlongoti. A Shamila analemba mwatsopano mbali ya pulinta, anafufuza ya wotchi mpaka maso kufiira, osapeza kanthu. Pomaliza anati sangachize matenda amene sanawaone, ndipo anandipatsa ntchito imodzi yokha: ndiigwetse sikeloyo pamaso pawo.

Ndinaipachika m'nyumba yosungira katundu n'kuyamba. Kukoloweka thumba la mchenga, kulowetsa khadi, kudikira risiti, kuchotsa thumba. Kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, sabata n'kutha, ina n'kutha. Sikelo ija inkangondiyang'ana, yathanzi ngati mwana wa nesi. Ndinaganiza kuti mwina ndi dzuwa la kwathu, ndiye ndinaikweza padenga masana, ine n'kupsa, iyo ayi. Ndinaiwaza madzi, ndinaikhuthulira fumbi, ndinaimenyako pang'ono a Shamila atatuluka. Bonifasi anati nkhaniyi ndi yoonekeratu, a Khoviwa aiponda sikeloyo ndi mankhwala kuti mphunzitsi alowe bwino, ndipo anafuna kunditengera kwa sing'anga wina amene mapepala ake anali mbwee m'mapolo a magetsi kuti ndi dokotala wamkulu wochokera ku Malawi. Titafufuza tinapeza kuti dokotalayo ndi mnyamata wina wa ku Luchenza amene ankakonza njinga, ndipo ulendo unathera pomwepo. A Dayimoni ndiwo anagwada m'kachipinda kathu n'kupemphera kuti Ambuye aigwetse sikeloyo. Atati ameni anandiuza kuti chiyambire ukulu wa mpingo anali asanapemphererepo chinthu kuti chiwonongeke, ndipo sankadziwa ngati kumwamba pempho lotere amalilandira.

Kunja mitengo ya jakaranda inayamba maluwa, ndipo aliyense wa kwathu amadziwa kuti ikatero mvula ili panjira. Nawunawu anasiya kuseka. Ine chakudya chinasiya kulowa. Ndinkati ndikatseka maso ndinkaona njinga ya mphunzitsi itatsamira khoma la nyumba ya malata anga.

Tsiku lina masana Bonifasi anadutsa kuntchito kwathu kudzandisiyira zotsala za kulesitilanti. Anandipeza ndili pa ntchito yanga, ndikukoloweka thumba ndi manja awiri, kuligwira kuti lisagwedere, kulowetsa khadi, kupinda manja kumbuyo kudikira risiti. Anaima pakhomo n'kumandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kukhala pansi.

"Akalaliki, kodi mukuyeza tiyi kapena mukupereka chopereka kutchalitchi? Ku Thyolo kwake kuti kumene anthu amayeza chonchi?"

Ndinamuyankha kuti ndi mmene tinkachitira, mmodzimmodzi, pamzere. Ndipo ndinkakhulupiriradi zimenezo. Munthu ukakhala pampando maso ali m'buku, umangoona dengu limodzi limene lili pangowe. Bonifasi anali wa tsidya linalo la sikelo, ndipo iye ankakumbukira zina. Analanda thumba lija, analiponyera pangowe likuzungulira, dzanja lake osachoka, akulikokera pansi mobisa kuti muvi udumphe. Anati nthawi yomweyo mayi wapambuyo amakhala atatambasula kale dzanja lake pamwamba pa phewa lako, ndipo m'dzanjamo simukhala khadi limodzi, mumakhala la iye, la mng'ono wake, ndi la anzake amene adakali m'munda koma anamutuma kuti awagwirire malo. Wina akukoka risiti isanathe kutuluka, wina akugwedeza mtanda, ndipo onse akuthamangira thirakitala yotenga masamba isananyamuke.

A Shamila anali atasiya kutafuna mtedza. Anandifunsa kuti munthuyu akuti chiyani, ndipo nditamasulira anafunsa funso limodzi lokha, ngati zonsezi zimachitika nthawi imodzi. Bonifasi anati nthawi imodzi, ndipo masana ndiye zimanyanya chifukwa ndi pamene gulu lonse limafika.

Anatenga timapepala ta pa tebulo n'kundionetsa. Kapitawo uja wa m'kompyuta, anatero, akamagwira ntchito wina n'kumuitana, amalemba pakapepala pamene wasiyira, n'kukaika pamulu, n'kuthamangira woitanayo. Ali komweko akaitanidwanso, kapepala kena pamwamba. Akamaliza amatenga kapepala kapamwamba n'kubwerera pamene anasiyira, mpaka mulu utatha. Mulu umenewu amautcha sitaki. Vuto lake n'lakuti malo oikapo muluwo ndi ochepa kwambiri, ndipo alibe mpanda. Ukakula mopitirira umagwera kwa mnansi n'kufufuta zimene mnansiyo analemba. Ndiye amene amagwa ndi mnansi, ndipo dzina lotuluka pa sikirini limakhala la mnansi wosalakwa, lero uyu, mawa uyo. Dengu logwedera limaitana kapitawo mosalekeza, makhadi akuitana, pulinta ikuitana, kamlongoti kakuitana. Ndinamvetsa msanga kuposa mmene iwo ankayembekezera, ndipo sizinandisangalatse. Munthu woika zinthu pamulu kuti adzazibwerera ndinkamudziwa bwino.

Koma kuganizira si kuona. A Shamila anati akufuna shedi ya ku Thyolo ibwere ku Joni. Anadzaza malo opanda kanthu a sitaki ndi nambala imodzi yobwerezabwereza, monga mmene munthu amawazira phulusa pakhomo kuti m'mawa aone pamene mapazi a wakuba afika. Ntchito yopeza anthu inapita kwa Bonifasi, ndipo Loweruka m'mawa anatulukira ndi chigulu cha akwathu, a ku Thyolo ndi a ku Mulanje, anyamata a m'magadeni, telala, amayi awiri ochapa zovala, aliyense atanyamula basiketi ya zochapa yodzaza nyuzipepala zonyowa. A Dayimoni anabwera molunjika kuchokera ku ulonda, atavomera monyinyirika kuti athandize pa mbali ya amayi, popeza amayi anali ochepa.

Poyamba zinakanika. Kwa eni kulibe mkuwe. Anthu aja atangolowa m'nyumba ya mzungu anavula zipewa, n'kuima pamzere wowongoka ngati kuchipatala, wina kuuza mnzake kuti yambani ndinu achimwene. Sikelo inkangotulutsa marisiti mosangalala. Bonifasi anatukwana m'Chilomwe, sizinathandize. Kenako anakwera pakatoni, anayang'ana kudenga ngati akuona mitambo, n'kufuula.

"Mvula iyo! Thirakitala ikunyamuka! Wotsala masamba ake agona!"

Sindinaonepo anthu akusintha msanga chotero. Zaka zonse za ku Joni zinavuka ngati jekete. Mabasiketi anawuluka, zigongono zinagwira ntchito, telala anaponda mayi wina ndipo mayiyo anam'kumbutsa za agogo ake. Koma chilombo chenicheni chinali a Dayimoni. Anali atamanga chitenje m'chiuno, pilo kumsana ngati mwana, makhadi odzaza dzanja, ndipo anadutsa pakati pa anyamata aja chammbali, akukankha ndi pilo, akulira kuti mwana akudwala, mwana akudwala. Tinadzamva pambuyo pake kuti mayi awo anathyola tiyi moyo wawo wonse ndipo iwo anakulira pamsana pomwepo. Anaponya basiketi pangowe, anaikoka ndi bondo, analowetsa makhadi motsatizana ngati akugawa njuga, ndipo sikirini inada, timanambala toyera n'kutsika.

Kenako a Shamila, amene ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu, anaomba m'manja n'kudumpha, ndipo nyumba yonse inaphulika. Amayi analuluta, Bonifasi anandinyamula, ine misozi ili m'maso. Nawunawu anatuluka mu ofesi n'kupeza anthu akuvina chifukwa makina ake afa.

Tinaipha kangapo tsiku limenelo, ine ndikudina batani loyambitsanso, a Shamila akuwerenga phulusa lawo. Mapazi anali atadutsa malire n'kulowa kwa mnansi, monga ananenera. Atawatsatira anakapeza mwini wake. Inali mbali yowerenga makhadi, imene khadi lililonse likalowa inkadzitengera malo aakulu pamulu paja, ngati munthu wokwera minibasi ndi matilesi. Khadi limodzi zinkatheka, awiri zinkatheka, koma makhadi a a Dayimoni pamwamba pa dengu logwedera ndiye ayi. Pamwamba pa mbali imeneyo panali zilembo zoyambira dzina la amene anailemba kalekale, kampani idakali m'galaja. A Shamila anangotembenuza sikirini kuti bwana aone zilembo za dzina lake lomwe. Nawunawu anafiira mpaka makutu, anati aiona nawunawu, n'kutuluka. Anabwera ndi nyama yootcha yokwanira gulu lonse, ndipo nkhani ya zilembozo sinatchulidwenso.

A Shamila anasamutsa matilesi aja kupita malo ena otakasuka, anaphunzitsa kapitawo kuti woitana azingomuuza kuti ndamva, dikira, n'kumaliza kaye zimene wagwira, ndipo anaika mlonda pamalire a mulu. Loweruka lotsatira gulu linabweranso, tsopano litazolowera, lolusa kuposa kale. Linakankha, linakoka, linatukwana, koma sikelo sinagwe. Pomaliza a Dayimoni, atapsa mtima ngati munthu wolandidwa ulemu, anagwira ngowe ndi manja onse awiri, anapinda miyendo n'kumalendewera uku ndi uku. Sikelo inadikira, kenako inatulutsa risiti. Anaiwerenga, anaiwerenganso, n'kunena motsitsa kuti sankadziwa kuti Joni wawadya chotere. Anaipinda n'kuiika m'Baibulo.

Masikelo anali okonzeka, koma mapepala odutsira pachipata cha dziko anali m'manja mwa Nawunawu. Tsiku lililonse ndinkaima pakhomo la ofesi yake, tsiku lililonse yankho linali lomwe lija. Pamene tinkanyamuka pamapeto pake, ine ndi dalaivala, a Dayimoni anandipatsa sopo ndi shuga kuti ndikasiye ku Chimaliro, Bonifasi anati ndikauze aliyense wofunsa kuti iye ndi manijala. Mu Zimbabwe monse munali fumbi, ndipo ndinasangalala. Ku Tete kunali ng'anjo, ndipo sindinakondepo kutentha ngati tsiku limenelo. Koma titangodutsa chipata cha ku Mwanza ndinatsitsa galasi, fungo la dothi lonyowa n'kundimenya m'mphuno. Ku Thyolo tinapeza matope ofiira m'misewu, tiyi akunyezimira m'mapiri monse, atatulutsa kale nsonga.

A esiteti sanatipatse mpata woti n'kupuma. Kutacha tinapachika sikelo m'shedi, ndipo masana gulu linafika, lenileni tsopano, loposa la Bonifasi. Ndinaima pambali pa kalaliki, shati ya baji ili pathupi. Madengu anazungulira, makhadi anagwa ngati matalala, sikelo inapirira. Ndili mkati mosangalala ndinaona dzanja lina likukokera dengu pansi mobisa, ndipo pakamwa panga, pa ukalaliki wakale, panatsogola.

"Mayi, chotsani dzanja."

Mayiyo anatukula nkhope. Anali Feliya. Sindinkadziwa kuti nyengo ya masamba amathyola nawo tiyi, panalibe amene anandiuza, ndipo kunena zoona sindinafunsepo. Anachotsa dzanja pang'onopang'ono, anatenga risiti yake, anati zikomo akalaliki, n'kunyamula dengu kumapita. Sikelo sinakomoke tsiku limenelo, koma ine ndinakhala pansi pa thumba la masamba.

Ankhoswe anakumana Lamlungu masana pakhonde la nyumba ija. Inali yokongola kuposa mmene ndinkaiganizira, ndipo anandipatsa mpando wa alendo. Kumbali yanga kunali achimwene anga aakulu, kumbali inayo a Khoviwa, amene tsopano sankayang'ananso denga, ankayang'ana ine. Feliya anakhala pamphasa, kamtsikana kakang'ono kali kumbuyo kwake kakundisuzumira. Chapatali, pansi pa mtengo wa mapeyala, munthu wina wa tayi anali kalikiliki kukonza tcheni cha njinga imene sinkaoneka kuti yawonongeka.

A Khoviwa anati nkhani ndi yaifupi, anatchula mvula, mvula yagwa. Achimwene anga, amene anali atakonzekera, anati imene yagwayo si mvula koma chizimalupsa, kamvula kongozimitsa moto wa m'tchire, ndipo palibe munthu wanzeru amathetsa banja chifukwa cha chizimalupsa. A Khoviwa anati anthu adzala. Achimwene anati adzala ndi opupuluma, chimanga chawo chipsa, tidzaona. Anakangana za mitambo, za mphepo, za kumene bingu linachokera, analowa m'Chilomwe n'kutulukamo, anaitana mnansi kudzachitira umboni za kuya kwa chinyezi, mnansiyo n'kubwera ndi khasu kudzakumba pabwalo. Ine ndinayamba kuona kuti mwina tipulumuka. Apo a Khoviwa anatembenukira kamtsikana kaja n'kukafunsa kuti dzana kanadyera chiyani. Kanayankha kuti ngumbi. Achimwene anga anayang'ana pansi, chifukwa ngumbi sizitulukira chizimalupsa.

Pamenepo ndinaona kuti ndikakhala chete ndatha. Ndinapempha kulankhula, ndinati ndachedwa, ndikuvomera, koma ndabwera, ndipo ulendo uno sindibwereranso. Ndinati amake Edina, zamvulazi tizisiye, tiyeni tingopitiriza pamene tinasiyira.

Feliya anali asanalankhule chiyambire. Anakonza chitenje chake, anandiyang'ana kuyambira pa baji mpaka ku nsapato, ndipo mawu ake anali ofatsa, opanda ukali, ngati akufunsa mtengo wa tomato.

"Pamene munasiyira ine sindikupakumbuka. Pakhala pakudutsa zambiri, pafufutika. Ngati mukufuna banja pakhomo pano, yambirani poyamba ngati wina aliyense. Dzina lanu ndani, bambo, ndipo kwanu n'kuti?"

Pansi pa mtengo wa mapeyala tcheni chinasiya kulira. Ine amene ndinadina batani loyambitsanso kosawerengeka ku Joni sindinaganizepo kuti makina amamva bwanji. Zimawawa, koma ndinadziwanso kuti batani limenelo sadinira chinthu chimene akufuna kutaya. Ndinatsika pampando wa alendo, ndinavula chipewa cha kampani, ndinanjuta pansi pa dothi lonyowa lija, n'kutchula dzina langa, la bambo anga, ndi mudzi wa kwathu.

Kumbuyo kwa mayi ake, Edina analibwereza dzinalo chapansipansi, kawiri, kuti asaliiwale.